Kodi ndiwagulire mayi foni ya WhatsApp?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndili kuno ku Joni, ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Ndikufuna ndiwagulire mayi anga ku Mangochi foni ya WhatsApp koma bambo akunyumba akukana, akuti intaneti ndi ya miseche ndi mabodza basi, ndingotaya ndalama. Ndipange bwanji? Wanu wa ku Rosettenville.

YANKHO: Achemwali, foniyo gulani ndithu, bambowo muwafotokozere mofatsa chifukwa pena akunena zoona, mabodza pa magulu a WhatsApp ndiye aliko osati masewera. Koma tangoganizani agogo athu amene ankabwera kuno kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, kudzakumba golide, kalata inkatenga masabata, maliro a kumudzi ankamva munthu atayikidwa kale. Ifeyo dzana lomweli tinkaima pa Park Station kupempha munthu wokwera basi kuti atitengereko envulopu, ndiye uzingopemphera kuti ikafike yonse. Pano mukatumiza pa Mukuru ndalama ija imatha kulowa pa Airtel Money kapena Mpamba ya mayi, iwo n'kukatapa kwa ejenti pa msika, feteleza wagulidwa mvula isanathawe. Chitukuko chake n'chimenecho, ndipo si kwathu kokha, ku Kenya M-Pesa inayamba 2007 ndipo anthu amene banki sanaipondeko anayamba kusunga ndi kulipira pa foni.

Chinanso chomwe chimandikhudza ine ndi cha umoyo. Chipatala Cha Pa Foni chinayambira ku Balaka mu 2011, munthu amaimba n'kulankhula ndi azaumoyo asanawononge thiransipoti. Komanso ngati mayi kuwerenga kumawavuta, voice note ndiye yankho, angodina n'kuyankhula Chiyao chawo kapena Chichewa, inu mumvere pa lanchi. Zidzukulu aziwaona pa video call, osamangomva kuti zakula.

Koma musangotumiza foni basi ayi. Ikani kasola kotchajira chifukwa midzi yambiri magetsi a ESCOM sanafike, ndipo bandulo muziwagulira inuyo mwezi ndi mwezi, apo ayi foniyo ingogona m'thumba la chitenje. Pezani mwana wokhulupirika pakhomopo awaphunzitse. Chachikulu muwauze mobwereza kuti PIN sapatsa munthu, olo atayimba wina kunena kuti ndi wa ku kampani ya foni kapena akuti mwana wanu wagwidwa ku Joni tumizani ndalama, adule ayimbe kwa inu kaye. Akuba amenewa amasaka makolo a matchona dala chifukwa amadziwa kuti kumapeto kwa mwezi kumalowa kenakake.