Bambo atuluka m'chipatala ndi jakisoni wa shuga, kumudzi kulibe magetsi

Mayi wina wogulitsa mandasi mu Lilongwe wanditumizira imelo. Akuti bambo awo anagonekedwa milungu iwiri, anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo abwerera kumudzi ndi insulin wobaya tsiku lililonse. Akufunsa kuti kandalama kamene amatumiza kazigwira ntchito yanji.

Mayi, kandalamako kayambire pa chakudya ndi thiransipoti. M'zipatala za boma mankhwala salipiritsa, ngakhale nthawi zina amatha, koma kabaza wopita kusikelo ya shuga sadziwa zaulere. Lembani tsiku lobwerera lomwe lili m'buku lawo la kuchipatala, ndalama ya ulendowo muziipatula musanagule china chilichonse.

Za chakudya ndilankhulepo kwambiri. Insulin amatsitsa shuga m'magazi, kaya munthu wadya kaya sanadye. Bambo akabaya m'mawa kenako nkupita kumunda m'mimba muli pululu, shuga atha kutsikiratu. Wowasamalira aziona zizindikiro: thukuta, kunjenjemera, kuyankhula zosamveka ngati aledzera. Zikatero awamwetse madzi osungunulira shuga msangamsanga, kenako adye. Inde, shuga yemweyo amene anawaletsa! Koma akakomoka asawathire kanthu m'kamwa, angatsamwe, athamangire nawo kuchipatala. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, auzeni adokotala mosabisa kuti pakhomo mukudya kamodzi patsiku kuti aonenso mlingo wa insulin. Musasiye jakisoni panokha.

Insulin safuna kutentha, koma za firiji zisakusowetseni tulo. Ikani kabotolo ka insulin m'kachitini kotseka, kachitiniko mukakwirire mumchenga wonyowa mumtsuko wadothi, pamthunzi.

Mukaonanenso ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, adziwe kuti pakhomopo pali wodwala. Funsaninso ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu za Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 pothandiza mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito. Kulembedwa kumatenga nthawi ndipo si onse amalowa, choncho musawerengere ndalamayo mwezi uno.

Mwandiuzanso kuti azakhali akubweretsa mankhwala azitsamba. Sindikufuna mudane pachibale, koma jakisoni asalekedwe chifukwa cha zimenezo. Ngati azakhaliwo akufunadi kuthandiza, apatseni ntchito yoyang'ana mapazi a bambo madzulo alionse, chifukwa kachilonda ka munthu wa shuga kamakula mwakachetechete, mwini wake osamva kupweteka.