Wokonda kapena wokondedwa? Ma participle a Chiigupto chakale

Mwandilembera kuti mwafika pa ma participle (mawu ochokera ku mneni ofotokoza munthu kapena chinthu, monga "wokonda" ndi "wokondedwa") m'Chiigupto chakale ndipo mukufuna kusiya, chifukwa mr, mrr ndi mry zikungooneka ngati mawu amodzi. Funso lanu landikumbutsa usiku wina magetsi atazima, ndikukopera m'kope dzina la Farao Ramesses II pa kuwala kwa kandulo. Pamene pali mawu akuti mry-Imn (Imn ndi Amun, mulungu wina wa Aigupto) ndinalemba kuti "wokonda Amun", ndipo ndinatha milungu iwiri ndisakudziwa kuti ndatembenuza nkhani yonse, pakuti tanthauzo lake ndi "wokondedwa ndi Amun". Zinandipweteka kwambiri, chifukwa kusiyana kwa wokonda ndi wokondedwa ngakhale mwana wamng'ono amakudziwa.

Vuto silili m'mutu mwanu. Aigupto sankalemba mavawelo, ndipo mwini chinenero ankamva kusiyana kumene ife sitikuona pa mwala, monga mmene ife timalembera "mtengo" wa kunkhalango ndi "mtengo" wa kumsika mofanana. Mneni wonga mri, kukonda, umatithandiza pang'ono: mr ndi amene anakonda, pomwe mrr, yobwereza chilembo, ndi amene amakonda nthawi zonse. Koma mneni wonga sḏm, kumva, nthawi zambiri suonetsa kusiyana kumeneku m'pang'ono pomwe. N'chifukwa chake ndikunena mosabisa kuti kuloweza mindandanda ya masinthidwe a aneni yokha n'kutaya nthawi, ndipo wophunzitsa amene amayambira pamenepo amalakwira ophunzira ake.

Chimene chinandibwezera mtima ndi zolembedwa pa manda, pamene mwini manda amaitana kuti, inu amoyo a padziko amene mudzadutsa pano, nenani kuti buledi chikwi ndi mowa chikwi. Mawu oti "amene adzadutsa" ali m'kalembedwe kotchedwa sḏmty.fy, koloza za m'tsogolo, ndipo nditazindikira kuti munthu amene anamwalira zaka zikwi zapitazo akulankhula ndi ine wodutsa, sindinaganizenso zosiya.

Tsono muchite chiyani?

Yang'anani kaye ngati chilembo chabwerezedwa, kenaka onani mawu otsatira. Mukapeza mry nb.f pa mwala wa nduna, kawirikawiri ndi "wokondedwa ndi mbuye wake". Werengani miyala yotere isanu sabata ino musanabwerere ku mindandanda ija.