Pikapu yanji ingapereke mawu oyera ndi onona pa gitala ya rizimu?

Imelo yafika kuchokera kwa woimba wina, ndipo funso lake ndi ili: "Ndimaimba rizimu m'bandi ya kutchalitchi kwathu. Gitala yanga ndi yooneka ngati Stratocaster koma si ya Fender. Ili ndi mapikapu ang'ono awiri ndi humbucker imodzi kumunsi. Ndikaika pa humbucker, mawu amasasa ndikangomenya nsambo mwamphamvu. Ndikaika pa ang'onowo, amabaya m'khutu. Ine ndikufuna mawu oyera, ofewa, onona. Mnzanga akuti ndigule pikapu yamphamvu. Ndigule iti?"

Achimwene, ndalamayo ibwezeni kaye m'thumba. Mnzanuyo wakulozerani njira yopita kwina. Pikapu yamphamvu anaipangira kukankha ampu mpaka mawu asase, monga amafunira oimba rock. DiMarzio Super Distortion, imene inatuluka mu 1972, dzina lake likunena kale ntchito yake. Inu mukufuna pikapu ya mphamvu zochepa kapena zapakatikati, yokhala kukhosi kwa gitala, ndipo mwina simufunika n'komwe kugula.

Pikapu ndi waya wa kopa wowonda ngati tsitsi, wokulungidwa pa maginito. Nsambo ikamanjenjemera pamwamba pake, muwayamo mumabadwa timagetsi tochepa timene ampu imakuza. Pikapu yaing'ono ya Stratocaster imakulungidwa pafupifupi ka 8,000. Humbucker ndi pikapu ya makoyilo (mikulungo ya waya) awiri yothetsa kung'ung'udza. Yakale ya Gibson, ija Seth Lover anakonza n'kuyamba kuikidwa pa Les Paul mu 1957, ili ndi makoyilo awiri, iliyonse pafupifupi ka 5,000. Mukawonjezera waya mphamvu zimakwera, koma mawu akumwamba amatsika nazo.

Chifukwa chake n'chakuti pikapu iliyonse, ikalumikizidwa ndi chingwe chopita ku ampu, imakhala ndi nsonga yake, malo amene imafuulira kwambiri, ndipo kupitirira pamenepo mawu amazilala msanga. Pa chingwe cha mamita 5, pikapu ya Stratocaster imafuulira cha m'ma 4 kHz (kHz ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), humbucker yakale ija cha m'ma 3 kHz, pamene humbucker yamphamvu imatsikira kufupi ndi 2 kHz. Pa 4 kHz mpamene pamakhala kuthwa kobaya m'khutu kuja. Pa 2 kHz mawu amatuluka ngati munthu watsina mphuno, ndipo mukamenya chord ya nsambo zisanu ndi imodzi zonse zimasanduka phala, osamvekanso kuti nsambo iyi ndi iti. Mawu amene mukufunawo ali pakati: nsonga ija ikhale cha m'ma 3 kHz, ndiponso isakhale yosongoka kwambiri.

Pano mpofunika kusamala, chifukwa ambiri amasokoneza mawu ofewa ndi mawu otsekeka. Muli nokha kuchipinda, gitala yodzaza besi imakoma. Ikafika m'bandi momwe muli gitala ya besi, dzanja lamanzere la wakiyibodi ndi ng'oma, besi wanuyo amangomira mwa anzake, inu n'kumakweza voliyumu mpaka akwaya kuyamba kukuyang'anani. Rizimu yabwino imafewa pamwamba koma siidzaza pansi.

Musanagule chilichonse, yesani izi ndi gitala yomweyo.

Yambani ndi switch. Humbucker yakumunsi si malo a mawu ofewa, ngakhale mutagula yodula bwanji, chifukwa pafupi ndi bridge, pamene nsambo zimamangirira kumunsi, nsambo imagwedezeka pang'ono ndipo mawu ake ndi owonda. Ikani pa pikapu yakukhosi, kapena yakukhosi pamodzi ndi yapakati, kenako tsitsani tone kufika pa 6 kapena 7. Oimba ambiri sagwira kabatani kameneka chigulireni gitala, ngati kuti anakaikira kukongoletsa.

Chachiwiri ndi mpata wa pakati pa pikapu ndi nsambo. Dinikizani nsambo pa fret (kachitsulo kopingasa pakhosi) yomalizira, muyeze kuchokera pansi pa nsambo kufika pamutu pa maginito. Fender amati pa mapikapu awo achikale pakhale 2.4 mm ku nsambo yaikulu ndi 2 mm ku yaing'ono. Yambirani pamenepo, n'kumatsitsa theka la kuzungulira kwa sikuluwu, kumvetsera, kutsitsanso. Kufika pa 3 mm kapena kupitirirako pang'ono sikulakwa. Pikapu ikatsika, kumenya kwa nsambo kumafewa ndipo ampu imapuma. Ikayandikira kwambiri, maginito amakoka nsambo zikuluzikulu, mawu n'kumamveka ngati awiri akulimbana, makamaka kuyambira fret ya 12 kupita m'mwamba, ndipo chuna, kachipangizo kochunira nsambo, imakana kukhazikika. Humbucker yanu yosasayo itsitseninso, mbali ya nsambo zazikulu kuposa inayo.

Chachitatu ndicho ndikuchikayikira kwambiri pa gitala yanu. Kuseri kwa kabatani ka voliyumu kuli kachipangizo kotchedwa pot, ndipo pamsana pake pamalembedwa 250K kapena 500K. Fender amaika 250K pa mapikapu ang'ono kuti nsonga yobaya ija ibunthe. Gibson amakonda 500K pa humbucker kuti isatsekeke. Magitala ambiri otsika mtengo okhala ndi mitundu yonse iwiri amangoikidwa 500K, zotsatira zake mapikapu ang'ono amathwa ngati lumo. Masulani nsambo, chotsani chivindikiro cha pulasitiki, muwerenge. Mukapeza 500K, gulani resistor ya 470K kwa okonza mawailesi, muiwotcherere pa timiyendo tiwiri takunja ta pot ya voliyumu. Zikaphatikizana zimapereka pafupifupi 240K. Humbucker nayo izilalako pang'ono, koma kwa inu amenewo ndi madalitso. Capacitor, kachipangizo kowotcheredwa pa pot ya tone, musavutike nayo kwambiri: tone ikakhala pa 10 siimveka kwenikweni. Imagwira ntchito mukatsitsa, ndipo ya 0.022 µF imasiya mawu apakati ambiri kusiyana ndi ya 0.047 µF imene imafulumira kudetsa.

Kenako onani kumene chingwe chanu chikulowa. Sipika ya ampu ya gitala payokha imadula mawu opitirira 5 kHz, n'chifukwa chake imamveka yofewa. Masipika a PA, olumikizidwa ku mikisa aja, ali ndi tweeter, sipika yaing'ono ya mawu akumwamba, imene imatulutsa zonse, ndi kukhetcha kwa pick komwe. Ngati mumadutsa pa pedal n'kulowa mu mikisa, kubaya m'khutu kungachokere pamenepo, osati ku pikapu. Mukalowetsa gitala mu mikisa mwachindunji pa line, vuto limakhala lina: pikapu imafuna polowera pa 1 megaohm, pamene line nthawi zambiri imakhala m'ma 10K, ndiye mawu amafooka n'kuzilala. Mankhwala ake ndi ampu yoikira maikolofoni patsogolo, kapena pedal yotsanzira ampu ndi sipika yake. Ngati ampu yanu ili ndi polowera pawiri monga Fender Twin Reverb, pachiwiripo pamatsitsa mphamvu ndi 6 dB, ndipo kusasa kwa humbucker kumatha pomwepo. Chingwe nachonso chimasintha mawu: mita iliyonse imawonjezera pafupifupi 100 pF, moti cha mamita 10 chimatsitsa nsonga ya pikapu ya Stratocaster kufika cha m'ma 3 kHz.

Nsambo: za pure nickel n'zofewa kuposa zachitsulo zokutidwa nickel, ndipo seti ya 11 imadzaza mawu kuposa ya 9. Pick yokhuthala, ya 1 mm, yomenyera kufupi ndi khosi, imachotsa kukhetcha kumene pick yopyapyala imabweretsa.

Mukachita zonsezi koma khutu lisanakhutire, tsopano tikambe zogula. Gulani imodzi, yakukhosi. Seti yathunthu ndi kutaya ndalama pa mapikapu amene simukhalapo.

Poti chivindikiro mwachotsa kale, tembenuzani pikapu yakukhosi. Mukaona kachitsulo kakuda kataliko komatidwa pansi pake, ameneyo ndi maginito a ceramic, ndipo timitu tapamwambato ndi zitsulo wamba. Pikapu ya maginito a mtundu wina otchedwa alnico pansi pake pamakhala posalala, chifukwa timituto ndito maginito. Ceramic si woipa mwa iye yekha, koma ndi wamphamvu ndipo m'magitala otchipa amamveka wouma. Alnico V amapereka besi wolimba ndi mawu owala. Alnico II amakoka nsambo pang'ono, kumenya kumamveka kofewa, mawu apakati n'kudzaza. Pa zimene mwapempha, maganizo anga ali pa Alnico II, pokhapokha ngati mumaimbanso rumba kapena sungura momwe rizimu imafunika kulira ngati belu. Pamenepo Alnico V ndi tone yotsitsa pang'ono idzakutumikirani mbali zonse ziwiri.

Nambala imene ogulitsa amalemba, monga 6.2K, ndi muyeso wa kutalika kwa waya, osati mphamvu yeniyeni. Imathandiza pofananiza mapikapu a mtundu umodzi okulungidwa ndi waya wofanana. Pikapu yakukhosi ya Telecaster imakulungidwa ndi waya wowonda kwambiri, wa 43 m'malo mwa 42, ndiye nambala yake imakwera popanda mphamvu kukwera. Komabe monga polozera, pa pikapu yaing'ono funani ya 5.8K mpaka 6.5K, pa humbucker yakukhosi 7K mpaka 8K. Ikadutsa 10K, monga Seymour Duncan JB ya 16K, si yanu. Kuyeza yanu n'kosavuta: lowetsani chingwe, voliyumu pa 10, multimeter pa 20K, mugunditse kunsonga ndi kuthupi kwa jack. Nambala idzatsikirapo pang'ono chifukwa cha pot.

Yolowa pabowo laling'ono la gitala yanu, Seymour Duncan Alnico II Pro ndi chitsanzo chabwino. Ili mitundu iwiri: APS-1 ya timitu totalika mosiyana ndi APS-2 ya timitu tofanana. Timitu tosiyanato anatipangira magitala akale a khosi lokhota kwambiri pamwamba ndi nsambo ya G yokulungidwa. Pa gitala yamakono ya khosi laphwatalala ndi G yosalala, G imafuula kuposa zinzake m'chord iliyonse, choncho tengani yofanana. SSL-1 ndi SSL-2 ndi abale ake a Alnico V. Ngati thumba silikulola, Tonerider amapanga mapikapu a alnico pamtengo wotsikirapo.

Dziwani kuti pikapu ya koyilo imodzi imang'ung'udza. Imatola phokoso la magetsi a m'nyumba, amene kuno kwathu amayenda pa 50 Hz, ndipo pafupi ndi mababu a chubu kapena ma adapter otchipa limakula. Kumata tepi wa kopa m'kati mwa bowo n'kumulumikiza ku ground kumachepetsa kuthetheka, koma kung'ung'udza kwenikweniko sikutha. Kumatha mukaphatikiza mapikapu awiri otembenuzana maginito ndi kakulungidwe, monga yakukhosi ndi yapakati pa magitala ambiri amakono. Ngati tchalitchi chanu chili ndi phokoso loterolo, ganizirani za humbucker yaing'ono yolowa pabowo lomwelo, monga Little '59 ya Duncan, kapena mapikapu opanda phokoso monga DiMarzio Area 58. Little '59 ndi yodzaza kwambiri, ndipo imafuna 500K, ndiye resistor ija musaike.

Kwa ena owerenga amene gitala yawo ili ndi bowo la humbucker kukhosi, monga Les Paul kapena ES-335 ndi zofanana nazo, njira ndi yotakata: Gibson '57 Classic ndi Duncan Seth Lover zonse ndi za Alnico II, Duncan '59 ndi ya Alnico V. Seth Lover siiviikidwa mu phula, choncho pafupi ndi sipika yokweza kwambiri imatha kuliza likhweru. Palinso P-90, imene Gibson anatulutsa mu 1946: koyilo imodzi koma yotambalala, yonona kuposa ya Stratocaster, yomveka nsambo iliyonse kuposa humbucker. Pa rizimu yoyera n'kovuta kuipeza inzake, bola mupirire kung'ung'udza. Phat Cat ya Duncan ndi P-90 yolowa pabowo la humbucker. Humbucker ikakhala ya mawaya anayi mungathenso kulumikiza makoyilo ake mogundizana mbali ndi mbali m'malo motsatizana: ya 8K imatsika kufika pa 2K, mawu amayera, phokoso silibwera.

Pomangirira mpamene ambiri amalira. Jambulani mawaya ndi foni musanachotse kalikonse. Chowotcherera chikhale cha 40 W, chifukwa chofooka chimakukhalitsani pamsana pa pot mpaka m'kati mwake mupse. Mitundu ya mawaya siifanana: pa humbucker ya Duncan wakuda ndiye wa mawu, wobiriwira ndi wosavala amapita ku ground, wofiira ndi woyera amamangidwa pamodzi. Pa DiMarzio wa mawu ndi wofiira, ndipo omangidwa pamodzi ndi wakuda ndi woyera.

Mukamaliza, yesani malo amene yatsopano imaphatikizana ndi yapakati. Mawu akatuluka owonda, a m'mphuno, otsika kuposa pikapu iliyonse payokha, ndiye kuti ziwirizo zikukankhana. Sinthanitsani mawaya awiri a pikapu imodzi, zithera pomwepo. Mawu akakhala bwino koma kung'ung'udza osachoka, maginito awo akuloza mbali imodzi. Mungadziwiretu musanamange: yandikizani mapikapu awiriwo mitu ndi mitu, akakokana ndiye kuti ndi otembenuzana, akakankhana ndi ofanana.

Mukamagula ya kaunjika kapena pa intaneti, dzina lolembedwa pamwamba lisakukopeni, zachinyengo zilipo zambiri. Pemphani chithunzi cha pansi pake ndi cha multimeter ikuyeza, mufananize ndi nambala imene kampaniyo imalemba. Multimeter ikapanda kuonetsa kanthu, waya waduka m'kati, ndipo imeneyo isiyeni ngakhale atakutsitsirani mtengo.