Amalume, tengani la zilumba zinayi

Amalume, mwaswera bwanji? Pepani, uthenga wanu ndauona mochedwa, ndiye ndangoti ndilankhule, kulemba kunditengera usiku wonse. Mwati msonkhano wanu ukatha ku Thailand kuja mukhala ndi tsiku limodzi lopuma ku Krabi, ndipo a pahotela akuuzani za maulendo awiri a pa boti, wa ku Phi Phi ndi wa zilumba zinayi. Mwafunsanso ngati munthu wosadziwa kusambira angapite nawo.

Ine ndinayenda onse awiri, ndipo kwa inuyo ndikuti tengani wa zilumba zinayi. Chifukwa choyamba ndi msana wanuwo. Ku Phi Phi ndi kutali, makilomita pafupifupi 40, ndiye amakutengani pa speedboat. Ine ndi uchitsiru wanga ndinathamangira kukhala kutsogolo, ati ndizijambula bwino. Mayo ine! Boti likamenya funde, kutsogoloko kumanyamuka kenako n'kugwa, phaa, ndipo iwe umagwera pa benchi ngati thumba. Masiku awiri ndinkayenda chowerama. Ngati mutakakamirabe ulendo umenewo, khalani kumbuyo pafupi ndi mainjini, kuli phokoso koma sikudumpha.

Ndiye anthu ambiri amapita kumeneko chifukwa cha Maya Bay. N'kokongola, sindikukana. Koma mudziwe kuti boma linatseka malowo mu 2018 chifukwa maboti ndi khamu la alendo zinawononga ma coral, zamoyo zooneka ngati miyala za pansi pa nyanja, n'kudzatsegulanso mu January 2022 ndi malamulo okhwima. Pano boti sililowa m'gombemo, mumatsikira kuseri kwa chilumba n'kuyenda wapansi, ndipo kusambira n'koletsedwa. Mumajambulitsa, mluzu kulira, basi tiyeni. Ulendo wonse uja.

Zilumba zinayizo, Poda, Tup, Chicken Island ndi Phra Nang, zili pafupi. Kuchokera ku gombe la Ao Nang, ku Krabi komweko, kukafika ku Poda ndi theka la ola kapena kucheperapo, pa boti lathabwa lija amati longtail, la injini yokhala ndi chitsulo chachitali kumbuyo. Limayenda mofatsa, lili ndi denga, kungoti limasokosa. Ndipo ndikuuziretu, pa zinayizo chimodzi si chilumba ayi. Phra Nang ili kumtunda, ku Railay, kungoti mapiri a miyala anatchinga moti msewu sufikako, aliyense amabwera pa boti.

Tsopano mvetsetsani apa, amalume, chifukwa zimenezi a pahotela sakuuzani mukapanda kufunsa. Madzi a m'nyanja yamchere amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, mwezi ndi umene umawakoka, ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Pakati pa zilumba za Tup, Mor ndi Chicken Island pali msewu wa mchenga woyera, eni ake amati Thale Waek. Madzi akaphwa umatulukira, munthu n'kuyenda wapansi kuchoka pa chilumba china kupita pa chinzake, nyanja uku nyanja uku, tinsomba tikukuzungulirani m'mapazi. Madzi akadzaza, palibe chimene muone, ndi nyanja basi. Ife tinafika madzi akuyamba kubwerera. Popita anali m'kakolo, pobwerera anafika m'mawondo, gaidi akukuwa kuti fulumirani. Ndiye musanalipire, afunseni kuti tsiku limenelo madzi aphwa nthawi yanji, nanga boti lifika pa Tup nthawi yanji. Zikapanda kugwirizana, funsani kwa ena. Mwezi ukakhala wathunthu kapena uli kumdima ndi pamene amaphwa kwambiri.

Zosambira zisakudetseni nkhawa. Laifi jaketi amapereka, inu muivale musanakwere, mumange zingwe zonse, ngakhale ena aziiyika pambali. Pafupi ndi Chicken Island amaimitsa boti pakati pa madzi kuti anthu aone nsomba, amakupatsani magalasi ndi kapaipi kopumira. Ndi jaketi simumira, mumangoyandama ngati chikho. Mumuuze gaidi poyambirira pomwe kuti simusambira, ambiri amakhala ndi chogwirira choti azikukokani nacho. Mukapanda kufuna, khalani m'boti, palibe amene akukakamizeni. Koma musaponde ma coral. Amaoneka ngati miyala koma ndi tizilombo tamoyo, amacheka, ndipo bala lake limachedwa kupola. Nsomba musazipatse chakudya, m'paki ndi mlandu.

Eya, za paki. Zilumbazi zili m'manja mwa national park, ndipo ndalama yolowera nthawi zambiri siikhala mu mtengo wa ulendo. Funsani, ndipo munyamule ma baht, ndalama za kumeneko, apamanja. Mafuta oteteza ku dzuwa nawonso, kuyambira 2021 okhala ndi mankhwala otchedwa oxybenzone analetsedwa m'mapaki awo a m'nyanja, ndiye werengani pabotolo. Kapena ingovalani malaya a manja aatali ndi chipewa chomanga pachibwano, chosamanga mphepo ilanda.

Nyengo yakukomerani, February nyanja imakhala bata. Kuyambira May mpaka October ndi pamene kumakhala mphepo ndi mafunde, maulendo ena mpaka kulephereka. Komabe ngati mumamva nseru pa galimoto, imwani mankhwala ake kutatsala ola kuti munyamuke, ndipo muziyang'ana kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo, osati pa foni.

Nsapato zachikopa zija zisiyeni kuhotela. Longtail mumakwerera m'madzi, mumapinda thalauza n'kukwera kamakwerero koterera. Foni muike m'kathumba kosalowa madzi.

China, pa Phra Nang pali phanga limene asodzi amasiyako zopereka kwa mzimu wa mfumukazi kuti ayende bwino panyanja. Zoperekazo ndi zosema zamitengo, zambirimbiri, zina zopaka utoto, zina zomangidwa nsalu. Mawonekedwe ake sindingawatchule pa gulu la banja pano, agogo ali pomwepa. Mukakafika mukaona nokha, koma chonde chithunzi chake musatumize kuno.