Bullshit ndi mawu otukwana, musawalembere abwana

Achimwene mwafunsa kuti bullshit amatanthauza chani poti mumawamva m'mafilimu, komanso ngati mungawalembe pa gulu la WhatsApp la kuntchito komwe kulinso abwana. Chonde musayerekeze, amenewo ndi mawu otukwana.

Bull ndi ng'ombe yamphongo, shit ndi manyi, koma munthu akatero sikuti akunena za ndowe ya m'khola ayi, akutanthauza kuti zomwe mwanenazo ndi zamkutu, zopanda mutu, zongobwebweta. Vuto lili pa shit-yo. Kwa eni chilankhulo mawuwa ndi onyansa ndithu moti ma TV ndi mawailesi ambiri ku America amawaphimba ndi kaphokoso kaja ka piii, ena amangolemba BS kuti asawatchule onse. Ifeyo timawatola mufilimu nkumaona ngati ndi opepuka chifukwa si chilankhulo chathu ndiye satipweteka m'khutu, koma bwana wodziwa bwino Chingelezi angomva kuti mwamunyoza pagulu basi, ndipo zolembedwa pa gulu sizifufutika m'mitima mwa anthu ngakhale mudilite.

Chomwe chimandisangalatsa ine nchoti mphunzitsi wina wa filosofi wa pa Princeton University, Harry Frankfurt, analemba nkhani yathunthu pa mawu amenewa mu 1986, kenako inadzatuluka ngati kabuku mu 2005, On Bullshit. Iyeyu amati wabodza ndi wa bullshit ndi anthu awiri osiyana. Wabodza choonadi amachidziwa, akungochibisa dala. Winayu alibe nazo ntchito kuti zomwe akunena nzoona kapena ayi, bola mumuone ngati dolo, ndiye Frankfurt amati ameneyu ndi mdani wamkulu wa choonadi kuposa wabodza uja, ndipo ine ndimagwirizana naye kwathunthu. Taganizani munthu amene lipoti sanaliwerenge nkomwe koma pa mitingi akuyankhula molimba mtima osapumira, mawu akuluakulu okhaokha, mukamufunsa manambala amazungulira. Ndi zimenezotu.

Mawu a bullshit amagwiranso ntchito ngati mneni, wina akati don't bullshit me ndiye kuti usandipusitse. Pakati pa anzanu apamtima pocheza palibe amene angadabwe. Koma pa gulu la kuntchito lija ngakhale nonsense kapena rubbish, amene a ku Britain amakonda, ndi olemerabe kwa abwana, bola mungolemba kuti I don't think that's correct kenako mupereke chifukwa chanu.