Nyumba ya tchuthi pa chilumba isamangidwe ngati ya kuno ku Dedza

Mayi, mwafunsa ngati n'zotheka kumanga pa chilumba nyumba yaing'ono ya zipinda ziwiri zogona, yofanana ndi ya pa chithunzi mwaika chija, ya denga lafulati ndi khoma lagalasi lokhalokha loyang'ana kunyanja. Kutheka n'kotheka, koma ine sindingakulangizeni kuti muimange momwe ikuonekeramo.

Zilumba zomwe zili kufupi ndi ife, monga Maleri, Mumbo ndi Domwe, zili mkati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, kotero munthu sangagule malo kumeneko. Maganizo anu akhale pa Likoma kapena Chizumulu, ndipo musanalipire kalikonse muonane ndi mafumu komanso khonsolo ya boma la Likoma.

Vuto lathu anthu a ku Dedza ndi lakuti tinazolowera kumanga moopa kuzizira. Tawuni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja siifika n'komwe mamita 500, ndiye mawindo ang'onoang'ono ndi denga lotsika, zomwe zimatithandiza m'chisanu cha June ndi July, kumeneko zingakusowetseni tulo. Galasi lalikulu nalonso silabwino, makamaka likayang'ana kumadzulo komwe aliyense amafuna kumaonerako dzuwa likulowa, chifukwa masana a mu October limasandutsa chipinda kukhala uvuni. Chomwe chimaziziritsa nyumba ya kunyanja ndi mthunzi ndi mphepo yodutsa. Nyumbayo ikhale yopyapyala, zipinda zikhale pamzere umodzi, kuti chipinda chilichonse chikhale ndi windo kutsogolo ndi lina kumbuyo. Makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kumwera. Denga likhale lokwera, lokhala ndi siling'i komanso potulukira mpweya wotentha pamwamba, ndipo lituluke kunja kwa khoma pafupifupi mita imodzi. Lafulati lija lisiyeni, pakuti limasunga madzi a mvula ndipo likayamba kudontha mudzakhala muli kuno, osadziwa kanthu.

Ndalama zanu zambiri zipite ku khonde. Pa tchuthi munthu amalowa kuchipinda pokagona pokha, ndiye ndi bwino kuchepetsa balaza n'kukulitsa khonde, lifike mamita atatu m'lifupi, kuti pakwane tebulo lodyera ndi mkeka wa ana. Mbali imodzi muitchinge ndi khoma lalifupi, chifukwa mwera ukamaomba m'miyezi yozizira umaulutsa mchenga mpaka m'mbale. Mawindo onse akhale ndi waya wotchinga udzudzu, womwe umathandizanso tizilombo touluka totchedwa nkhungu tikabwera ndi mphepo kuchokera panyanja.

Pa za zipangizo, kumbukirani kuti thumba lililonse la simenti, lata lililonse ndi galasi lililonse zidzakwera sitima kapena boti, nthawi zambiri kuchokera ku Nkhata Bay, ndipo galasi lalikulu likasweka panjira palibe woti akubwezereni. Likoma ili ndi miyala yambiri, ndipo tchalitchi cha St Peter's, chomwe ntchito yake inayamba mu 1903, chikuonetsa mpaka lero kuti mwala wa pachilumbapo umapirira. Mangani maziko ndi makoma a m'munsi ndi mwala umenewu, pamwamba muike mabuloko a simenti, m'malo motentha njerwa pamalo pomwe nkhuni n'zosowa kale. Nyumba yotere imaonekabe yamakono mmisiri akasamala mizere yake. Matabwa a paini a kuno kwathu mungathe kutenga, bola akhale othira mankhwala, apo ayi chiswe chidzamaliza denga. Pamwamba pa makoma onse pazungulire konkire ya zitsulo yomangirira nyumba pamodzi, chifukwa dera la nyanja limagwedezeka, monga zinachitikira ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009.

Musakopeke ndi kumanga pamchenga penipeni. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'malo ambiri ogona alendo, choncho funsani asodzi achikulire akuonetseni pomwe madzi anafikapo, ndipo inu mumange pamtunda kupitirira pamenepo. Thanki ya zonyansa za kuchimbudzi ikhale kumbuyo, kutali ndi madzi omwe anthu amamwa ndi kusamba. Ngati pamalopo pali mlambe, musaudule, nyumba ndiyo iupatse malo.

Popeza miyezi yambiri simudzakhalako, uzani wojambula pulani kuti aike zitseko zamatabwa zotsekera mawindo kunja, atseke mipata yonse ya m'denga kuti mileme isalowe, ndiponso aike kachipinda kokhoma bwino kosungiramo mabatire a sola, pampu ndi matilesi. Ameneyo mupite naye pamalopo asanajambule, ndipo ngati mungathe mupite mu October.