Funsani Azakhali: Alamu anga akwiya chifukwa cha maloko atatu

FUNSO: Zikomo Azakhali. Ndimakhala ku Domwe, m'boma la Angónia. Tilipo amayi 18 pagulu lathu la poupança, lomwe anzathu a ku Dedza amati banki mkhonde. Msungichuma ndi alamu anga, akazi a achimwene. Chaka chino mbatatesi ndi nyemba zatiyanja, moti ndalama zapitirira mametikali 60,000, ndipo zimagona m'chitini kuchipinda kwawo. Pamsonkhano ndinati tigule bokosi la maloko atatu ndi kope lolembamo. Iwo anangoti, "Kani mumandiyesa wakuba?" Chiyambire tsikulo sandiyankhula, ngakhale pamaliro. Kunena zoona, sipanasowepo ngakhale metikali imodzi. Kodi ndinalakwa?
Mayi wa ku Domwe

YANKHO: Amayi, mawu anu anali abwino, koma munawatulira pamalo olakwika. Mlamu kudzutsa nkhani ya ndalama pamaso pa anthu 17, aliyense amamva ngati kunyumba mwaonako kanthu. M'mitima ya anzanu munalowa funso lomwe inu simunafunse.

Za bokosilo musabwerere m'mbuyo. Mu 1988, tili kothawa nkhondo ku Dedza, mayi anga ankasunga ndalama za amayi a kutchalitchi. Ankazimanga pakansalu n'kuzibisa m'nkhokwe, pansi pa chimanga. Tsiku logawana, mayi wina anati anasonkha kanayi, pomwe mayi anga ankakumbukira katatu. Cholembedwa panalibe. Anagulitsa nkhuku ziwiri n'kulipira, koma mbiri sinawachoke. Ndimakumbukira amayi ena akusendeza madengu awo mayi anga akakhala pafupi kuchigayo. Mpaka tinabwerera kwathu nkhondo itatha mu 1992, sanagwirenso ndalama ya munthu. Kope la masamba ochepa likanawapulumutsa, pakuti amene amavulala pakasowa umboni ndi wokhulupirika yemweyo. Wakuba amakhala atakonza kale bodza lake.

Omwe anayambitsa magulu oterewa, a bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ankagwira ntchito ndi amayi a m'midzi odziwana bwino. Komabe mwambo womwe unafala kuchokera kumeneko ndi wa maloko atatu: makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, wosunga bokosi alibe kiyi, ndipo ndalama zimawerengedwa mokweza aliyense akuona. Wosunga bokosi amagona tulo. Mwamuna wake akafuna ya feteleza, kapena mwana akadwala usiku, yankho lilipo kale: "Sindingatsegule." Chitini cha alamu anu chilibe yankho limenelo, ndipo achimwene anuwo, pepani, nawonso ndi munthu.

Za ndalama zogona m'manja mwa anthu ochepa, ife a ku Mozambique tinaziona ndi maso. Mu 2013 ndi 2014 kunatengedwa ngongole za madola pafupifupi 2 biliyoni, boma n'kuziikira chikole nyumba ya malamulo isanavomereze. Zitaululika mu 2016, bungwe lobwereketsa ndalama ku mayiko la IMF ndi mayiko otithandiza anaimitsa thandizo, metikali inagwa, ndipo mtengo wa sopo ndi mafuta ophikira unakwera mpaka kumsika wa ku Ulongwe. Amene sanasaine kalikonse ndiwo analipira. Sindikufanizira alamu anu ndi akuluakulu aja, ayi ndithu. Ndikungoti chuma cha anthu ambiri chimafuna maso ambiri, kaya ndi cha dziko kaya ndi cha amayi 18.

Tsono chitani izi. Pitani kwawo madzulo, achimwene kulibe, mutanyamula kankhuku kapena kalichero ka ufa. Pepesani chifukwa chowachititsa manyazi pagulu, osati chifukwa cha ganizolo. Chibale n'fupa, sichiola, koma musadikire mpaka nthawi yogawana, pomwe mitima imakhala m'mwamba. Auzeni kuti bokosi lizikhalabe kwawo, popeza ndi iwo omwe gulu linawasankha, ndipo apempheni kuti nkhaniyi akaidzutse okha pamsonkhano wotsatira. Ikachokera pakamwa pa msungichuma, palibe adzanong'one.

Wina akati ndalama muziike pa M-Pesa kapena e-Mola, vuto ndi lomwe lija ngati nambala yachinsinsi ikudziwika ndi munthu mmodzi, makamaka foniyo ikakhala ya bambo a kunyumba.

Pogawa makiyi, sankhani amayi a m'midzi yosiyana, osakhala a banja limodzi. Inuyo chaka chino musatengeko kiyi, ngakhale akukakamizeni.